Ufa wachikasu udzapita, matope adzatsala ku Kayelekera

Tikamakamba za mgodi wa Kayelekera ku Karonga, timathamangira kuwerengera ndalama zakunja ndi ntchito za ana athu. Ine nkhawa yanga ili pa matope otsala. Eni mgodi akadzalongedza, adzawasamale ndani?

Kuti apeze uranium, amagaya miyala n'kuiviika mu asidi, kenaka n'kutengamo ufa wachikasu umene amagulitsa kunja. Pa tani imodzi ya miyala pamatuluka ufa wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi basi. Zotsala zonsezo amazithira m'damu, ndipo mphamvu yambiri ya radiation imene inali m'miyalamo imatsalira momwemo. Muli radium, amene pamafunika zaka 1,600 kuti mphamvu yake ichepe ndi theka, komanso mumatuluka mpweya wa radon umene umayambitsa khansa ya m'mapapo. Palibe kampani imene ingalonjeze kuti idzakhalapo zaka zonsezo.

Kayelekera wasintha kale manja. Kampani ya Paladin inatsegula mgodiwu mu 2009, n'kuimitsa ntchito mu 2014 mtengo wa uranium utagwa pambuyo pa ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima. Lotus Resources inaugula mu 2020, ndipo ntchito inayambiranso mu 2025. Pa zaka zonse mgodi unali chiimire, mvula sinaleke kugwa pa damu lija. Kufupi kwake kuli mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, nayenso n'kukathira m'nyanja momwe timatungamo madzi ndi kupha usipa.

Anzathu zinawaonekera kale. Ku Moab m'dziko la America, kampani ya Atlas inagwa mu 1998, n'kusiya matani 16 miliyoni a zotsalazi m'mbali mwa mtsinje wa Colorado. Boma la America ndi limene linayamba kuzisamutsa pa sitima mu 2009, ndi ndalama za anthu okhoma msonkho. America inakwanitsa poti ndi yolemera. Nanga ife, amene ndi mankhwala omwe amasowa m'zipatala, tingadzakwanitse?

Sindikunena kuti mgodi utsekedwe ayi. Ndikunena kuti ndalama zodzakwirira damu ndi kulilondera zisungidwe panopa, uranium akadali ndi mtengo, pamalo pomwe kampani kapena nduna singazikhudze. Aphungu atiuze kuti zilipo zingati, ndipo aziona kawirikawiri ngati zikukwanabe. Bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority lipatsidwe zida ndi akatswiri kuti lizidzipimira lokha madzi a mu Sere, osangodalira malipoti a kampani. Boma lili ndi magawo 15 pa 100 mu mgodiwu, choncho woyang'anira ayenera kuima payekha.

Zotsatira za kupimako zizikawerengedwa pamaso pa mafumu ndi anthu awo, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde, pakuti iwo ndi amene amamwa madziwo. Aphungu a ku Karonga, kafunseni zimenezi ku Nyumba ya Malamulo ufa wachikasu usanathe.