Chikhulupiriro chinayamba Baibulo lisanasokedwe

Mu 1649, m'tchalitchi china ku Nottingham, ku England, mlaliki ankauza anthu kuti Malemba ndiwo muyeso wa chiphunzitso chilichonse. Mnyamata wina, George Fox, amene anaphunzira ntchito kwa wosoka nsapato, anamudula pakamwa. Muyeso weniweni, anatero iye, ndi Mzimu Woyera amene anatsogolera olemba Malembawo. Fox anakagona m'ndende.

Otsatira ake, a Quaker, ena mpaka lero amapemphera mongokhala chete, popanda mbusa kapena ulaliki wokonzeratu, kufikira wina atamva kuti wapatsidwa mawu. Mu 1676 Robert Barclay wa ku Scotland anafotokoza chiphunzitso chawo: Malemba ndi oona, koma amabwera pachiwiri, gwero lake ndi Mzimu.

Kwa munthu amene anakulira mavesi oloweza ku Sande sukulu, zimenezi n'zampatuko. Komatu mbiri yakale ikuikira kumbuyo Fox. Makalata oyambirira a Paulo analembedwa cha m'ma 50, patapita zaka pafupifupi 20 Yesu atapachikidwa, ndipo Uthenga wa Marko unabwera cha m'ma 70. Stefano anaponyedwa miyala kulibe buku ndi limodzi lomwe la Chipangano Chatsopano. Inde, Malemba a Ayuda analipo, koma nkhani ya Yesu inkayenda pakamwa, m'nyumba za anthu, ponyema mkate. Cha m'ma 180, bishopu Irenaeus wa ku Lyon ankayamikira mitundu imene inakhulupirira Khristu yopanda pepala ndi inki. Mndandanda wa mabuku 27 amene akudziwika lerowa unaonekera wathunthu koyamba mu 367, m'kalata ya Athanasius wa ku Alexandria.

Kuno kwathu nakonso, mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, Buku Lopatulika lathunthu n'kutuluka mu 1922. Ndani angalimbe mtima kunena kuti agogo amene anabatizidwa m'zaka zimenezo, ambiri osadziwa kuwerenga, anali Akhristu operewera?

Vesi palokha silinatetezepo munthu ku zoipa. Eni akapolo ku America ankatsegula makalata a Paulo podzikhululukira, pamene a Quaker a ku Germantown analemba chikalata chotsutsa ukapolo mu 1688. Anzawo anachedwa kumva, koma mu 1776 msonkhano wawo waukulu wa ku Philadelphia unaletsa mamembala kusunga akapolo.

Komabe ngozi ya njira yodalira Mzimuyi a Quaker anaiona msanga. Mu 1656 James Nayler, mlaliki wawo wotchuka, analowa mumzinda wa Bristol atakwera hatchi, omutsatira akuyala zovala m'njira monga zinachitikira Yesu ku Yerusalemu. Nyumba ya malamulo inagamula kuti aboolewe lilime ndi chitsulo chamoto. Pambuyo pake Fox anakhazikitsa misonkhano ya mwezi ndi mwezi, kuti zimene munthu akuti wauzidwa ndi Mzimu ziziyesedwa ndi gulu lonse.

Choncho aneneri a masiku ano amene amati Mulungu wawalankhula, osalola kufunsidwa, asathamangire kubisala kumbuyo kwa Fox. Iye ankalidziwa bwino Baibulo, ndipo gulu lake silinkalipira mlaliki. A Quaker oyambirira ankalolera kulandidwa ng'ombe ndi katundu wa m'nyumba kusiyana n'kupereka chakhumi chodyetsa abusa.