Chikole Chikaperekedwa, Chitseko Chitsekedwe

Kwathu mnyamata akapereka chikole, ankhoswe saitananso ofunsira mbeta ena. Koma kuno ku Diepsloot ma ejenti ena amalandira dipoziti Lolemba, pofika Lachitatu akuonetsa chipinda chomwecho kwa anthu ena atatu. Ine khalidwe limeneli ndimalitcha kuba.

Mukawafunsa, amati ngakhale ku Fourways ndi ku Dainfern amatero. Zoona zake n'zakuti m'mapangano ambiri ogulitsirana nyumba mu South Africa muno mumakhala ndime ya maola 72. Wogula akamadikira kuti banki ivomere ngongole, mwini nyumba amaloledwa kupitiriza kuionetsa. Wina akabwera ndi mtengo wabwinopo, woyamba uja amapatsidwa maola 72 kuti apezeretu ndalama, apo ayi nyumba ipite. Koma ndimeyo imalembedwa, ndipo wogula amasaina akuidziwa. Kodi mayi wa ku Mangochi amene wapereka malipiro ake a mwezi wathunthu pa mkhukhu wa ku Extension 1 anasaina ndime iti?

Phindu la ejenti wotere lili poyera. Aliyense woonetsedwa chipinda amalipira kenakake. Anthu akachuluka, lendi imakwera. Madipoziti akakwana atatu, foni imazima. Ndipo amasankha ife alendo dala, podziwa kuti amene mapepala ake sali bwino amaopa polisi kuposa wakuba.

Malamulotu alipo. Lamulo la Property Practitioners Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 February 2022, limati ejenti akhale ndi chiphaso cha Fidelity Fund Certificate chochokera ku bungwe la PPRA, ndipo wopanda chiphasochi sayenera kulandira komishoni. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limalamula landilodi kupereka lisiti pa ndalama iliyonse, ndipo bwalo la Gauteng Rental Housing Tribunal limamva madandaulo kwaulere. Pogula, lamulo la 1981 limati malo sagulitsidwa pakamwa: pangano lilembedwe ndi kusainidwa. Nyumba ya RDP nayo siigulitsidwa mwachisawawa zaka 8 zisanathe, choncho ejenti woizunguza kwa ogula angapo nthawiyi isanakwane akugulitsa mphepo.

Ena amati ejenti naye ali ndi ana, ndipo wopereka dipoziti amatha kusintha maganizo. Inde, koma ntchito ya dipoziti ndi yomweyo, kumuteteza wina akabwerera m'mbuyo. Sangasunge ndalama zanga n'kusunganso ufulu wogulitsa chimene ndalipirira. Asankhepo chimodzi.

Abale anga a ku Joni, tisapereke ndalama tisanaonane ndi mwini nyumba maso ndi maso. Tipite ndi mboni, tilandire lisiti yolembedwa tsiku lolowera, makiyi akhale m'manja. Ndipo ejenti amene waonetsanso chipinda cholipiridwa kale timutchule m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu athu a maliro, kuti mawa asapezenso Mmalawi womudyera.