Mphatso Yothokoza Isasanduke Chiphuphu

Kuthokoza ndi khalidwe limene mwana aliyense wa m'Malawi amaphunzira asanayambe n'komwe sukulu. Akapatsidwa kanthu amauzidwa kuti alandire ndi manja awiri, anyonyomale, ndipo anene kuti zikomo. Motero si chodabwitsa kuona makolo ndi ophunzira ali jijirijijiri kufunafuna mphatso za aphunzitsi chaka cha sukulu chikamapita kumapeto. Chodandaulitsa n'chakuti mumzinda wa Lilongwe mwambo wabwinowu wayamba kusintha maonekedwe. M'sukulu zina wasanduka mpikisano wa makolo, ndipo mwina wafika pofanana ndi malonda. Nkhaniyi iyenera kuikiridwa malire omveka bwino. Mphatso imene mwana wosauka sangathe kutengapo mbali, kapena imene singaperekedwe anthu akuona, siyenera kulowa pachipata cha sukulu.

Kale kumudzi mphunzitsi anali munthu wa anthu onse. Kupatula kuphunzitsa ana, ankawerengera amayi makalata ochokera kwa amuna awo ku Joni ndi ku Halale, ankalemba mayankho ake, ndipo Lamulungu ankatsogolera nyimbo kutchalitchi. Nyengo yokolola ikafika, anthu ankamutengera lichero la mtedza, dzungu, nzimbe, mwinanso tambala. Mphatso zimenezi zinali ndi zizindikiro zitatu. Zinkachokera m'munda kapena m'khola la woperekayo, kotero kuti panalibe amene ankalowa ngongole chifukwa cha izo. Zinkaperekedwa masanasana, mudzi wonse ukuona. Komanso zinalibe pempho lobisika kumbuyo kwake. Mayi wopereka dzungu sankayembekeza kuti mwana wake akwezedwa kalasi chifukwa cha dzungulo, pakuti pafupifupi khomo lililonse linali ndi maungu.

Mumzinda zinthu sizili chomwecho. Kuyambira mu 1975, pamene likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, mzindawu wakula mosiyanitsa anthu ake. Kumayadi monga ku Area 10, Area 12, Area 43, Area 3, Area 9 ndi Area 47 kuli nyumba za mipanda italiitali ndi magalimoto awiri kapena atatu pakhomo. Pafupi pomwepo pali Kauma ndi Mtandire, kumene kumachokera ambiri mwa alonda, ophika ndi osamalira maluwa a m'mayadimo. Chakufupi ndi Old Town kuli Kawale, Biwi ndi Mchesi. Ana a m'madera onsewa amatha kukumana m'kalasi imodzi, makamaka m'sukulu za sekondale za boma, kumene wophunzira amalowa atasankhidwa malinga ndi mayeso a Sitandade 8. M'sabata yomaliza ya chaka, mwana wina amatsika m'galimoto atanyamula mafuta onunkhira okulungidwa m'pepala lonyezimira, wina nsalu yosoketsa suti, wina envulopu yotupa. Makolo ena safuna n'komwe kuvutika: amangofunsa nambala ya foni ya mphunzitsi ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Pabenchi lomwelo pali mwana amene mayi ake amagulitsa tomato kumsika, ndipo ndalama ya minibasi ya tsiku limenelo anachita kukongola.

Woyamba kupwetekeka ndi mwana ameneyu. Iye akhoza kukhala amene amakonda mphunzitsi wake koposa onse, amene amafika msanga kudzapukuta bolodi, amene masamu anayamba kumulowa chifukwa cha kuleza mtima kwa mphunzitsiyo. Koma tsiku lothokoza likafika amakhala chete kumbuyo, kapena amajomba kumene kuopa manyazi. Sukulu inakhazikitsa yunifolomu ndi cholinga chakuti mwana wa nduna ndi mwana wa mlonda aoneke chimodzimodzi. Mpikisano wa mphatso umagwetsa m'tsiku limodzi chimene yunifolomu yakhala ikuteteza chaka chonse. Mwanayo amabwerera kwawo ataphunzira phunziro limene silili pasilabasi, lakuti kuthokoza kuli ndi mtengo wake, ndipo iye sangaukwanitse.

Wachiwiri kupwetekeka ndi mphunzitsi mwini. Anthu ena amanena kuti mphatso singagule kanthu chifukwa mayeso a boma amakonzedwa ndi kuchongedwa pansi pa bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa mu 1987, ndipo wochonga samudziwa mwini pepala. Zimenezo n'zoona, koma mphamvu za mphunzitsi sizithera pa mayeso a MSCE. Iye ndi amene amachonga mayeso a teremu ndi kulemba ndemanga pa lipoti. Amakhala ndi mawu posankha atsogoleri a ophunzira, poweruza milandu ya mwambo, ndi polemba kalata ya umboni imene wophunzira amapita nayo kokafuna malo kapena ntchito. Ndiyenso amasankha dzanja loti aloze manja khumi akakwezedwa. Munthu amene wavala nsapato zogulidwa ndi bambo a mwana wina adzavutika kulanga mwanayo akapezeka ndi mlandu. Ngakhale atakhala wolungama chotani, ophunzira ena sadzakhulupiriranso chiweruzo chake, ndipo mwana wa olemera akakhoza mwa khama lake anzake adzanong'onezana kuti anagula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu chimene chimapwetekeka ndi dziko. Malawi anakhazikitsa lamulo lolimbana ndi ziphuphu mu 1995, ndipo lamulolo linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau. Ngakhale zili choncho, mu 2013 kunaululika kuba kwa ndalama za boma kumene kunatchuka ndi dzina lakuti Cashgate, ndipo likulu lake linali ku Capital Hill, mumzinda womwewu. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala ena anabedwa, ndipo ophunzira m'dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Palibe amene anganene kuti zinthu zimenezi zinayamba ndi botolo la mafuta onunkhira. Komabe m'mera mpoyamba. Mwana amene waona makolo ake akulowetsa envulopu m'thumba la mphunzitsi lipoti lisanalembedwe waphunzira kuti wokhala ndi udindo amayamba wasangalatsidwa kuti agwire ntchito yake. Mwana yemweyo mawa adzakhala kalaliki, wapolisi wa pamsewu kapena mlembi wamkulu mu unduna, ndipo adzayembekeza kuchitiridwa chimodzimodzi.

Oikira kumbuyo mphatso zikuluzikulu ali ndi mfundo imodzi yolemera, yakuti aphunzitsi amalandira zochepa. Imeneyi siyenera kupeputsidwa. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinadumpha kuchoka pa pafupifupi mamiliyoni awiri kufika pa pafupifupi mamiliyoni atatu, ndipo mtolo wonsewo unagwera aphunzitsi. Bungwe la aphunzitsi la TUM lakhala likutsogolera kunyanyala ntchito kangapo, monga mu 2021 pamene aphunzitsi ankafuna ndalama za chiopsezo pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera kusiya malipiro kumbuyo. Mphunzitsi wochita lendi ku Area 25 kapena ku Chinsapo amadziwa bwino kutalika kwa mwezi.

Koma ngongole ya malipiro ndi ya wolemba ntchito, kaya ndi boma kaya ndi mwini sukulu. Envulopu ya kholo singaibweze. Ndiponso envulopuyo imafika kwa aphunzitsi ochepa okha, amene mwayi unawaika m'makalasi a ana a kumayadi. Mphunzitsi wa ku Nathenje, ku Mitundu kapena ku Malingunde, amene ali m'boma lomweli la Lilongwe ndipo amaphunzitsa ana ochuluka zedi m'chipinda chimodzi, sadzaiona mpaka kupuma ntchito. Makolo ambiri a kumayadi ndi omwe amakhala m'maofesi a ku City Centre ndi ku Capital Hill, ena ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, ena ndi amene amalemba ndondomeko ya chuma cha boma. Ngati amamveradi chisoni aphunzitsi, malo oonetsera chisonicho ndi m'maofesi mwawomo, kumene cholembera chawo chingathandize aphunzitsi a dziko lonse. Kupatsa mphunzitsi wa mwana wako suti, uku fayilo ya malipiro a aphunzitsi anzake ikuchita fumbi patebulo pako, n'kudzinyenga.

Ena amati kuletsa mphatso n'kutaya chikhalidwe cha makolo, pakuti akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mwambiwu umanena za kuthandizana kwa anansi, kuti wothandiza mnzake lero adzathandizidwa mawa. Sunapangidwe kuti uikire kumbuyo munthu woika kanthu kwa woweruza mlandu usanagamulidwe. Makolo omwewo ankadziwa kusiyanitsa nkhuku yothokoza ndi nkhuku yotseka pakamwa. Ndipo vutoli si la Malawi yekha. Ku South Korea, dziko limene limalemekeza aphunzitsi kwambiri, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2016 linaletsa aphunzitsi kulandira mphatso kuchokera kwa ana amene akuwaphunzitsa ndi kuwachongera mayeso. Ngakhale duwa limene ana ankapereka pa tsiku la aphunzitsi, pa 15 Meyi, linayenera kuperekedwa ndi woimira ophunzira, poyera. Anthu a kumeneko sanasiye kulemekeza aphunzitsi awo. Anangotseka khomo limene ulemu unkalowera pamodzi ndi chinyengo.

Tsono wophunzira wofuna kuthokoza asankhe bwanji? Choyamba ayang'ane nthawi. Mphatso yoyenera imabwera malikisi atalembedwa ndipo malipoti atatsekedwa, pamene mphunzitsi alibenso kanthu koti angabweze. Chachiwiri ayang'ane malo. Chimene sichingaperekedwe pamaso pa kalasi kapena pa msonkhano wa sukulu yonse, chimene chikufuna kuti mwana atsale yekha ndi mphunzitsi kapena apite kunyumba kwake, chili ndi vuto kale, ndipo kwa atsikana njira imeneyi ili ndi zoopsa zinanso. Chachitatu ayang'ane anzake. Kalasi isonkhe pamodzi, aliyense monga angathere, popanda kulemba maina ndi ndalama pabolodi, ndipo mphatsoyo iperekedwe m'dzina la onse. Chitenje chimodzi chogulidwa ku Bwalo la Njobvu, ambulera, fulasiki ya tiyi, kapena chosema cha amisiri a pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town n'zokwanira. Ndalama zisaperekedwe konse, kaya pamanja kaya pafoni, chifukwa ndalama ilibe nkhope ya kuthokoza. Ndipo posonkhapo asaiwalike mlonda wa pachipata, wosesa ndi wophika, amene nawonso atumikira ana chaka chonse.

Pali mphatso ina imene mwana wa ku Kauma ndi mwana wa ku Area 43 angapereke mofanana, ndiyo kalata. Pepala limodzi lothothola m'kope, lolembedwa ndi dzanja, lotchula chinthu chenicheni chimene mphunzitsi anachita, limakhala nthawi yaitali kuposa mafuta onunkhira. Wophunzira alembe za tsiku limene anamvetsa kuwerengera kwa ngodya, kapena za mawu amene anamubweza pamene ankafuna kusiya sukulu. Makalata otere aphunzitsi amawasunga m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi, ndipo amawatulutsa atakalamba. Kubweza mabuku a sukulu ali osang'ambika ndi kuthokozanso, pakuti mphunzitsi adzakhala ndi chophunzitsira chaka chamawa. Kholo lokhala ndi chuma chambiri, limene mtima ukulikakamiza kupereka zambiri, ligule mabuku a laibulale, madesiki kapena zipangizo za sayansi, lipereke kwa mphunzitsi wamkulu ndipo zilembedwe m'kaundula wa sukulu.

Akuluakulu a sukulu ndi makomiti a makolo ndi aphunzitsi asadikire kuti nkhaniyi iwaphulikire. Akhale pansi kumayambiriro kwa chaka, agwirizane malire, ndipo awalembe m'kalata yopita kwa makolo onse. Lamulo lotere limateteza mphunzitsi woona mtima, amene nthawi zambiri amalandira envulopu chifukwa chosowa njira yaulemu yoikanira. Limapumulitsanso kholo limene linkapereka chifukwa choopa kuti mwana wake asalidwa. Mphunzitsi amene amachita kuitanitsa, kapena kutchula m'kalasi zimene anzake alandira, ayenera kudzudzulidwa ndi aphunzitsi anzake asanadzudzulidwe ndi wina aliyense, chifukwa akunyozetsa ntchito imene ambiri aigwira mokhulupirika pa malipiro ochepa.

Pomaliza, nthawi yabwino koposa yothokozera mphunzitsi imafika wophunzira atachoka pasukulu. Pamenepo palibenso lipoti loti lilembedwe, palibe mlandu woti uweruzidwe. Namwino wa ku Kamuzu Central Hospital amene wazindikira mphunzitsi wake wakale pamzere n'kumupatsa moni waulemu, kapena mmisiri amene wapita kukakhoma denga la mphunzitsi wopuma ntchito, wapereka mphatso imene palibe angaikayikire. Tsiku la aphunzitsi pa dziko lonse, limene limakumbukiridwa pa 5 Okutobala kuyambira mu 1994, ndi mpata wina wochitira zimenezi. Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 ali pafupi kulowa m'gulu la ophunzira akale. Chaka chino athokoze pamodzi, poyera ndi modzichepetsa. Mphatso yaikulu aisunge kufikira tsiku limene adzaigule ndi thukuta lawo.