Paipi ikaphulika saitana pulofesa

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri mumamveka chigamulo chomwechomwechi: "Uyu poti mapointi amuchulukira, angopita ku tekiniko." Mawu akuti "angopita" ndi amene andiyabwa. Akutanthauza kuti koleji ya ntchito zamanja ndi dzala lotayako ana amene yunivesite yawakana. Ndipo ife a ku yunivesite, makamaka ife owerenga mbiri yakale, filosofi ndi zolembalemba, ndife timathira mchere pa chipongwe chimenechi ndi Chingerezi chathu chosalala.

Tapitani ku Mitundu tsiku la msika, muwerenge njinga zamoto za kabaza zimene zandanda pasiteji. Iliyonse mwa izo idzafuna makaniko mwezi usanathe, chifukwa misewu yafumbi yolowera m'midzi siinyengerera tcheni kapena mabuleki. Mverani zigayo zikulira. Chigayo chikapsa mota nthawi yokolola, mwini wake amataya ndalama tsiku lililonse, ndipo amene amadziwa kukulunga waya wa motayo amatchula mtengo ali chiimire. Onani masola pamadenga, mapampu othirira m'madimba, mafelemu a zitseko ndi mawindo atatsamiritsidwa pakhoma la owotcherera. Mukatero dutsani ku Nathenje, pamsewu wa M1 wopita ku Dedza, kumene nyumba zikumera ngati bowa poti anthu a mumzinda akuthawira kuno kudzagula malo. Nyumba iliyonse ikufuna mmisiri womanga, kalipentala, woika mapaipi ndi woika magetsi. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, kutanthauza kuti wodziwa kuumba ndi kuyala mabuloko a simenti ali ndi msika umene malemu agogo ake sanaulote.

Nanga mijigo? Mjigo wa Afridev umaleka kutulutsa madzi chifukwa cha kamphira kakang'ono kamene kadyeka m'kati. Mudzi wonse umabwerera kuchitsime chapadambo, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba, kudikira munthu mmodzi wodziwa kusolola zitsulo ndi kusintha kamphirako. Ngakhale ku Bunda komweko, pafupi ndi Mitundu, kumene madigiri amaperekedwa chaka ndi chaka, paipi ikaphulika saitana pulofesa.

Ena mwa inu mukuti ntchito zimenezi munthu amangophunzira kwa amalume ake pansi pa mtengo. Inde, ambiri anaphunzira motero, ndipo ulemu ndiwapatsa. Koma funsani amene batire la sola linawafera patangotha miyezi itatu chifukwa woika uja sanawerengere kukula kwa waya kapena mphamvu ya mababu. Kusiyana kwake n'kumeneko. Wophunzira wa ku tekiniko amasinthanitsa nthawi: miyezi ina m'kalasi ndi m'wekishopu, miyezi ina kuntchito yeniyeni pansi pa mmisiri wamkulu. Amaphunzira kuwerenga pulani, kuyeza, kudziteteza ku ngozi, komanso kuyendetsa bizinesi. Zikamatha zaka ziwiri, ife tikadalimbana ndi Plato, iye makasitomala ali nayo kale nambala yake ya foni.

Sindikunyoza maphunziro athu. Dziko lopanda olemba mbiri yake ndi ofunsa mafunso ovuta limanamizidwa mosavuta. Koma tisanamizane za kumene digiri imatifikitsa. Tonse tikuwadziwa akuluakulu athu amene anavala gawuni, kujambulitsa, kenako n'kuyamba kuzungulira Capital Hill ndi envelopu yakhaki mpaka nsapato kutha chidendene. Boma lenilenilo linavomereza vutoli mu 2018 pamene linayamba kutenga omaliza maphunziro kuti azikaphunzira ntchito m'maofesi mwake kwa kanthawi chabe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero akuluakulu. Ntchito za ku Mitundu ndi ku Nathenje zili pamphuno. Za m'maofesi zikadali pachala, ndipo mphepo ikuwomba.

Koma a boma nawo asawombe m'manja msanga. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amayenera kupereka 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro a luso. Mu 2015 a Peter Mutharika anatsegula makoleji a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Masomphenya a Malawi 2063 akulankhula za mafakitale tsamba ndi tsamba. Komabe makoleji akuluakulu ndi omwe aja timawawerenga pa zala: Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Ofuna malo amaposa malo amene alipo. Koleji imene ikuphunzitsa mwana pa injini yamakedzana, pamene misewu yadzaza ndi galimoto zochokera ku Japan zofuna kompyuta kuti upeze matenda ake, ikumubera mwanayo zaka zake. Ndipo kupatsa munthu satifiketi popanda bokosi la zipangizo kuli ngati kutuma mlimi kumunda wopanda khasu. Za atsikana ndiye n'zokwiyitsa: timawakankhira ku utelala ndi zophikaphika ngati kuti waya wa magetsi umafunsa kaye ngati wougwirayo wavala chitenje.

Chimene chikufunika si chachilendo ayi. Aphungu a Lilongwe kummwera afunse poyera kuti ndalama za msonkho uja zimaphunzitsa ana angati ochokera kuno. Sukulu za sekondale zikamaitana alendo oti adzalimbikitse a fomu 4, pambali pa loya ndi dokotala pazikhalanso mayi woika magetsi, anene yekha zimene amapeza pa mwezi. Amisiri amene anaphunzirira pansi pa mtengo auzidwe kuti TEVETA ili ndi njira yowayesera luso lawo n'kuwapatsa pepala.

Ndipo inu anzanga amene muli ndi mng'ono wanu kumudzi, amene akufuna kubwereza fomu 4 kachitatu posaka mapointi a ku yunivesite, mufunseni kaye chimene manja ake amakonda. TEVETA ikalengeza za malo, mutumizireni uthengawo pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo muwonjezerepo ya thiransipoti.