Bulu Akadwala, Ayezedwe Kaye Asanabayidwe Jakisoni

Ife alimi a ku Dedza ndi ku Lilongwe timadziwa phindu la bulu. Ndiye amatikokera ngolo kupita kumsika, kuchigayo ngakhale kuchipatala. Koma bulu akayamba kutsimphina, ambiri timathamangira kusitolo ya mankhwala a ziweto kukagula jakisoni, ena n'kumangomuonjezera chikoti poganiza kuti ndi ulesi.

Si matenda onse amene amadza ndi tizilombo. Abulu ndi mahatchi amadwalanso mahomoni akasokonekera m'thupi. Nthenda ya Cushing imagwira kwambiri ziweto zimene zadutsa zaka 15, pamene kachiwalo kena kokhala pansi pa ubongo kayamba kutulutsa mahomoni mopyola muyezo. Chiweto chimatha minofu pamsana, ubweya umatalika osathothoka, chimamwa madzi kwambiri, ndipo zilonda zimachedwa kupola. Vuto lina ndi la insulin, limene limagwira chiweto chonenepa, chokhala ndi mafuta olimba pakhosi, makamaka tikamachipatsa madeya ambiri ntchito ili yochepa. Matenda onse awiriwa amatupitsa m'kati mwa ziboda, mpaka bulu kulephera kuponda pansi.

Jakisoni wopha tizilombo sathandiza pamenepa. Ndalama zimangolowa m'madzi. Nthenda ya Cushing imadziwika poyeza magazi, ndipo mankhwala ake, pergolide, amaperekedwa tsiku ndi tsiku moyo wonse. Bulu wonenepa amafunika kumuchepetsera madeya pang'onopang'ono. Tisamumane chakudya mwadzidzidzi, chifukwa mafuta amadzaza m'magazi ndipo akhoza kufa.

Ena anganene kuti boma liyambe kaye ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Sitikukana. Koma bulu akagona, feteleza safika kumunda, nazonso mbewu sizifika kumsika.

Choncho tikupempha Dipatimenti yoona za Umoyo wa Ziweto kuti alangizi a ziweto aphunzitsidwe kuzindikira matendawa komanso kudula ziboda. Tikupemphanso kuti pakhale njira yotumizira magazi kuchokera kumidzi kupita kulabotale ya ziweto ku Lilongwe, ndiponso kuti ophunzira udokotala wa ziweto ku Bunda azibwera kudzaona abulu athu.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Kalabu iliyonse ilembe chiwerengero cha abulu a mamembala ake, zaka zawo ndi amene akutsimphina, n'kukapereka kwa mlangizi. Tikapita ndi kaundula m'manja, adzatimvera msanga kusiyana ndi mlimi wodandaula payekha.