Musandiyamikire Mimbayi

Lamba wanga ali ndi mabowo asanu ndi awiri. Asanu anabwera nawo kuchokera kusitolo, awiri enawo ndinaboola ndekha ndi msomali wamoto, chitseko cha kuchipinda nditatseka kuti ana asaone. Ndayambira pamenepa dala kuti wina asaganize kuti wolemba nkhaniyi ndi mlangizi wa zakudya amene wakwera pachulu n'kumaloza anzake chala. Ine ndine wodwala. Ndagwira ntchito m'boma zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo pa zaka zimenezi ndaonjezera makilogalamu 34 pa thupi limene ndinabwera nalo ku Lilongwe kuchokera kwathu ku Ntchisi.

Chaka chatha ndinapita kuchipatala chifukwa cha mutu umene sunkamva mankhwala. Namwino anandikulunga chija chopimira magazi pamkono, n'kuyang'ana manambala, n'kuyambiranso kachiwiri. Kenaka anandifunsa kuti, "Bambo, mwabwera nokha?" Magazi anali pa 168/104. Sikelo inati makilogalamu 96, pamene msinkhu wanga ndi mita imodzi ndi masentimita 68 basi. Adokotala sanazungulire. Anati, "Achikulire, thupili lichepe. Mankhwala okha sangakwanitse."

Ndinatuluka ndi mapiritsi m'thumba ndi lumbiro mumtima. Lumbirolo linakhala masiku anayi. Tsiku lachisanu, nthawi ya nkhomaliro, ndinangozindikira ndaima pachiwaya, ndikuuza mnyamata wokazinga kuti aonjezere zigege ziwiri pamwamba pa tchipisi, athirenso mchere ndi tsabola. Kuyambira pamenepo moyo wanga wakhala wa kulumbira Lolemba ndi kugwa Lachinayi. M'mawa ndimamwa phala la mgaiwa lopanda shuga, ndili wonyada. Ikamakwana 10 koloko, mayi wa mandasi amadutsa m'khonde la ofesi ndi ndowa yake, fungo lili patsogolo, ndipo amandidziwa bwino moti ngakhale ndilibe ndalama amati, "Tengani bwana, tidzaonana pakutha pamwezi." Madzulo ndimaima panjira kugula kanyenya ndi botolo lozizira, n'kudyera m'galimoto, jumbo n'kuitaya ndisanafike pageti. Ndikafika kunyumba ndimadyanso nsima yonse kuti mayi a kunyumba asandikaikire. Munthu wa zaka zoposa makumi anayi, wokhala ndi ana kusekondale, kumabisa jumbo ngati mwana woba shuga! Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusi ameneyo ndamudziwa bwino, amavala tayi.

Mlandu wanga ndauvomera, ndipo sindikufuna wina andichotsere. Dzanja limene limapita kukamwa ndi langa. Koma mlanduwu sindinapalamule ndekha, ndipo lero ndikufuna nditchule amene ndapalamula nawo.

Oyamba ndinu amene mumandiyamikira. Ndikapita kumudzi, mayi anga amandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yawo n'kuwala. "Mwana wanga, thupi labwera. Akukusamala apongozi angawa." Anyamata a pasiteji amanditcha bwana ndisanatsegule pakamwa, chifukwa mimba yalankhula kale. Koma m'miyezi iwiri imene ndinalimbika n'kutsitsa makilogalamu asanu, mnzanga wa muofesi anandikokera pambali, mawu atatsitsa: "Achimwene, zili bwino? Munakayezetsa?" Kutchalitchi amayi ena anafunsa mkazi wanga ngati wasiya kundiphikira. Anabwera kunyumba atakhumudwa, ndipo usiku umenewo nyama ya nkhuku inayandama m'mafuta. Palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anati wachita bwino.

Kumene maganizo amenewa anachokera ndikukudziwa, ndipo sindikuwaseka. Tinakula m'zaka za m'ma 1990, pamene kaliwondewonde ankalowa nyumba ndi nyumba, munthu akayamba kuonda anthu n'kuyamba kunong'onezana za maliro. Tinaona njala ya 2002, anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi. Kwa munthu amene anaona zimenezo, thupi lalikulu ndi umboni woti uli moyo ndipo m'nyumba mwako muli chakudya. Koma mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Papita zaka zoposa makumi awiri. Lero amene ali ndi kachilombo akulima, akuyendetsa maofesi, ena ndi onenepa kuposa ine. Kuyeza kachilombo ndi maso kunali kulakwa kale, ndipo lero ndi chipongwe kwa odwala ndi kwa osadwala omwe. Komabe mantha aja tawasunga, ndipo akutipha kudzera khomo lina.

Tawerengani maliro amene mwapita zaka zisanu zapitazi. Ndi angati amene mwamva kuti "anangogwa kubafa", "anagona bwinobwino koma sanadzuke", "anafa ziwalo mbali imodzi"? Pamaliro oterowo timayang'anizana, ena n'kuyamba kutchula azakhali a kumudzi kuti ndiwo aponya nyundo. Chikhalirecho kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009, anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 aliwonse a iwowa sankadziwa kapena sankalandira mankhwala. Pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse anali ndi matenda a shuga. Nyundo yake ndi imeneyo. Azakhali aja tiwapepese.

Achiwiri ndife eni ake ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe, ndi misonkhano yathu ija ya ku Mponela, ku Salima, ku Liwonde ndi ku Mangochi. Amene simunapiteko ndikuuzeni mmene tsiku limayendera. M'mawa kumalo ogona mwadya mazira okazinga, soseji, tchipisi ndi buledi. Mwakhala pampando maola awiri. Ikakwana 10 koloko, tiyi: samusa, miyendo ya nkhuku, makeke. Mwakhalanso maola awiri. Nkhomaliro: mpunga, nsima, tchipisi, nyama mitundu iwiri, ndiwo zamasamba kasupuni kamodzi kokongoletsera mbale, botolo la chakumwa pambali. Ikakwana 3 koloko, tiyi wina. Madzulo alawansi ili m'thumba, ndipo pamalo omwera pali nyama yowotcha. Masiku asanu otere, mtunda wautali umene mwayenda ndi wochoka pampando kupita pamzere wa chakudya.

Sindidzaiwala msonkhano wina umene mutu wake unali kadyedwe koyenera. Mayi wophunzitsa anatiyalira bwinobwino magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene boma limalimbikitsa: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Tinaomba m'manja. Anatiuza kuti WHO imalangiza munthu wamkulu kuti shuga woonjezera asapitirire magalamu 50 patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono khumi ndi awiri, ndipo ndi bwino kwambiri atakhala theka la pamenepo. Mchere usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi. Tinalemba m'mabuku athu. Akulankhula choncho, patsogolo pa aliyense panali mbale ya masiwiti. Atamaliza tinatuluka kukalandira mabotolo athu a mamililita 300, lililonse lili ndi shuga wokwana masupuni asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Ine ndinamwa awiri, chifukwa mnzanga wina sankamwa ndipo sindikanalola kuti lake libwerere. Ndalama zogulira zonsezi zinachokera ku bajeti yolimbana ndi matenda.

Apa ndiye pagona mkwiyo wanga. Wina adzati palibe amene anakukakamiza. Zoona. Koma taganizani za munthu amene anakula akulimbirana mbale imodzi ndi abale ake asanu, amene anaphunzitsidwa kuti chakudya sachitaya ndiponso kuti chaulere sachikana. Mukamuika patsogolo pa tebulo lodzaza kasanu patsiku n'kumuuza kuti adziletse, mukuyesa chiyani? Mbale zathu pamisonkhano zimatundumuka ngati chulu chifukwa mkati mwa bwana aliyense muli kamwana kanjala kamene sikanakhute mpaka lero.

Ndiponso zakudya zimenezi si zakudya wamba. Mu 2019 wasayansi wina wa ku America, Kevin Hall, ndi anzake anasunga anthu 20 pamalo ofufuzira kwa mwezi wathunthu. Milungu iwiri ankawapatsa zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, milungu ina iwiri zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe, ndipo aliyense ankaloledwa kudya mmene wafunira. Anthu omwewo, ndi mitima yawo yomweyo, ankadya makalori pafupifupi 500 oonjezera tsiku lililonse pamilungu ya zakudya za m'fakitale, ndipo ananenepa. Pamilungu inayo anatsika. Ine nditawerenga zimenezi ndinapumira m'mwamba. Mafuta, shuga ndi mchere zikakumana m'chakudya chofewa chosafuna kutafuna, mimba imachedwa kunena kuti yakwana. Chakumwa cha shuga ndiye sichikhutitsa n'komwe, chimangodutsa. Mbatata ya kachewere yomweyo, ikalowa m'chiwaya imatuluka ndi makalori ochuluka katatu kuposa yophika m'madzi. Ndani anadyapo mbatata zophika mpaka kulephera kuima? Koma tchipisi umatha mbale, maso ali pa ya mnzako.

Achitatu ndi manyazi athu pa zakudya za kwathu. Tsiku lina ndinatenga mbatata yophika ndi mtedza m'kontena kupita nazo kuntchito. Mesenjala atandiona anaseka mwaulemu n'kunena kuti, "Bwana, malipiro achedwa?" Nsima ya mgaiwa timati ndi ya kusukulu yogonera konko ndi kundende. Bonongwe, chisoso, luni ndi kholowa timazitcha ndiwo za amphawi. Nkhwani wotendera, futali, nandolo, nzama, masuku, bwemba ndi malambe tinazisiya kumudzi pamodzi ndi nsapato zakale. Mwana wa m'tauni akatenga chigumu kapena chinangwa kusukulu anzake amamuseka, ndiye ife makolo timamulongedzera timapaketi ta zokhukhuza ndi juwisi wa utoto kuti asachite manyazi. Wanga wamng'ono ali ndi zaka khumi ndi chimodzi ndipo therere salidziwa kukoma kwake. Ndinamuphunzitsa ndine, ndi matumba amene ndinkabwera nawo pakutha pamwezi posonyeza chikondi.

Ndikudziwa chimene ena anene: dziko lino ana akupinimbira ndi njala, iwe ukudandaula kukhuta? Funsoli ndi lolemera ndipo sindilithawa. Kafukufuku wa zaumoyo wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti mayi mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi thupi lopitirira muyezo. Mavuto awiriwa akukhala m'dziko limodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi, ndipo chipatala chimene chikusowa mankhwala a mwana wonyentchera ndi chomwecho chimene chidzafunika kundisamala ine impso zikadzaleka kugwira ntchito. Ndikadzagwa, amene adzasiye sukulu ndi ana anga ndi ana a mchemwali wanga amene ndimawalipirira fizi. Kunenepa kwa wantchito mmodzi wa boma kuli ndi anthu khumi kumbuyo kwake.

Mnyamata wa pachiwaya ndilibe naye mlandu, ngakhale mafuta ake amawabwereza mpaka kuda ngati oilo wa galimoto. Akusaka ya sopo, ndipo akugulitsa chimene tikufuna. Tsiku limene tidzafune chimanga chootcha ndi nthochi pa nkhomaliro, adzatigulitsa zimenezo. Amene ndilibe nawo chisoni ndi aja amazungulira m'maofesi ndi timabotolo ndi tiyi wochepetsa thupi. Ndinagulapo kawiri. Ndinatsegula m'mimba masiku atatu, ndalama zinapita, mimba inatsala pomwepo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zimene ndikupempha ndi zazing'ono moti n'zochititsa manyazi kuzilemba m'buku. Mukaona mnzanu watsika thupi, musamufunse ngati anakayezetsa; ngati pakamwa pakuyabwa, mufunseni ngati mawondo asiya kuphwanya. Amayi anga ndawauza kale kuti akafuna kundiyamikira ayamikire kuti ndakwera phiri la kwathu osapumira panjira, ngakhale anangondiyang'ana ngati ndalankhula Chigiriki. Ndipo inu amene mumasainira ndalama za misonkhano, tiyi wachiwiri uja ndi wa chiyani? Pamalo pa samusa ndi masiwiti bwanji osaika mtedza wokazinga, nthochi, mbatata ndi madzi? N'zotsika mtengo, ndipo ndalama yake ipita kwa mlimi wa ku Dowa konko kumene msonkhano ukuchitikira.

Maganizo amenewa ndinawalemba m'kalata n'kupereka kwa akuluakulu a kuntchito kwathu mwezi wathawu. Kalatayo inabwerera ndi mawu amodzi a inki yofiira pakona: tikambirana. Sikelo ya kunyumba m'mawa uno yati 91, ndipo dzulo ndinadya mandasi atatu. Lachiwiri tikupita ku Mponela masiku anayi. Mayi a kunyumba andikazingira mtedza wopanda mchere, auika m'botolo. Ndondomeko ya msonkhano yafika kale: tiyi 10 koloko, nkhomaliro 12:30, tiyi wina 3 koloko.