Galimoto yakuda si thalauzi, abale

Abale anga a pamsika, sabata ino ndabwera wamanyazi. Alamu anga sakundiyankha moni bwinobwino, ndipo achemwali akuti nkhaniyi tisawalowetsemo. Mlandu wake? Ndinatsuka galimoto.

Alamuwa amagulitsa kaunjika mu Limbe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, iwo anati ndalama yongosunga ikusungunuka ngati mchere m'madzi, bola kugula chinthu chogwirika. Anasonkha pang'onopang'ono mpaka kuitanitsa Toyota yakuda bii ya ku Japan, yotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Maganizo awo anali akuti zinthu zikadzathina, adzaigulitse n'kubwezera mpamba. Galimotoyo ndiye inali banki yawo.

Ndiye mu October akupita kokaoda katundu, anandisiyira makiyi. "Alamu, muziiyang'anira." Ine pofuna kuoneka munthu, m'mawa uliwonse ndinkaipukuta fumbi ndi tisheti yakale youma. Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinaithira sopo waufa wochapira zovala, madzi a pamjigo, ndowa imodzi, kukwecha mpaka thukuta kamukamu. Itauma ndinaiyang'ana padzuwa. Mayo ine! Boneti yonse timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude, denga lonse timadontho toyera ngati nkhanga.

Ndinathamangira kwa mdala wina wopopera penti ku Ndirande. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, mwaichapa ngati thalauzi!" Kenaka anandikhazika pansi, ndipo zimene ndinaphunzira ndakubweretserani ulere, ngakhale ine ndazigula modula.

Penti wa galimoto ali m'magawo. Pansi pali wogwira chitsulo, pakati pali wa mtundu, pamwamba pali woonekera ngati galasi amene opopera amati kiliya. Kunyezimira konse kuja ndi kiliyayu, koma ndi wopyapyala kuposa pepala la nyuzi mukuwerengayi. Fumbi lathu la chilimwe lili ndi timchenga tolimba kuposa iye, choncho mukapukuta ndi nsalu youma, dziwani kuti mukupala galimoto ndi sandipepa. Yoyera nayo imakalika chimodzimodzi, kungoti imabisa. Mzere wokalika umaoneka woyera, ndiye pa penti wakuda umachita kufuula.

Nanga madontho aja? Galimoto yakuda padzuwa la October imatentha mpaka madigiri 70. Madzi amauma musanawapukute, n'kusiya mchere wake pompo, makamaka a pamjigo. Sopo wa zovala naye ndi waukali, amachotsa phula loteteza penti.

Tsono chitani chonchi. Tsukani m'mamawa kapena madzulo, pamthunzi, chitsulo chili chozizira. Yambani ndi kukhuthulira madzi okhaokha kuti mchenga utsike wokha, dzanja lisanakhudze. Khalani ndi ndowa ziwiri: ina ya sopo wa galimoto, ina ya madzi otsukuluzira nsalu. Mukapukuta kagawo kamodzi, tsukuluzani nsaluyo musanaibwezere mu sopo, apo ayi mchenga womwe mwachotsa muubwezera pa penti. Yambirani padenga kutsika, poti matope ambiri ali m'munsi. Mateyala akhale omalizira, ndi nsalu yawoyawo. Osakwecha ngati mukutsuka mphika wa nsima, dzanja lizingotsetsereka. Pomaliza umitsani msanga ndi nsalu yofewa ija ya maikulofaiba. Ikagwa pansi, basi yatola mchenga, tengani ina.

Phula la galimoto, limene ena amati wakisi, pakani mopyapyala miyezi itatu iliyonse. Mukaona madzi asiya kupanga timibulu pa boneti, ndiye kuti latha.

Mthunzi ndi wabwino koma si uliwonse. Pansi pa mtengo wa mango kapena jakaranda pamagwa utomoni ndi zitosi za mbalame ndi mileme. Zitosi zimadya kiliya, ndipo dzuwa likawotcha zimasiya chipsera. Musazipale ndi chikhadabo. Ikanipo nsalu yonyowa zifewe, kenaka nyamulani. Ndipo musafunditse lona galimoto yafumbi, chifukwa mphepo ikamaligwedeza limagwira ntchito ya tisheti yanga ija.

Tsopano ndibwere kwa inu eni ake. Ndimakuonani! Belo la kaunjika pa boneti, dengu la tomato padenga, thumba la mbatata kulikhwekhwereza pa buti. Wina kutsamira chitseko ndi jinzi yazitsulo m'matumba uku akuwerenga ndalama. Ana nawo kulemba ndi chala pafumbi kuti "nditsukeni". Mawu amenewo amatsala ngakhale mutatsuka. Anyamata otsuka galimoto m'mbali mwa msika sindikuwachotsera nsima pakamwa, nawonso akusaka. Koma muziyang'ana chinsanza chawo. Ngati changochoka pa mateyala a minibasi, apatseni nsalu yanu ndi ndowa yachiwiri.

Wina anena kuti, aaa, zikakalika tidzapolisha. Zoona, makina opolishira amachotsa timizere, koma amatero pomwetula kiliya yemweyo mpaka afanane ndi pansi pa mzere. Kupolisha kulikonse penti akuchepa. Mukafika pa mtundu, palibenso mankhwala koma kupopera, ndipo wogula akaona boneti yopoperedwa amayamba kufunsa ngati galimotoyo inachitapo ngozi. Mtengo watsika pamenepo.

Ya alamu inapolishidwa kamodzi, yabwerera ndithu, koma madontho ena padenga akana. Ndalama ya mdala uja ndikubweza pang'onopang'ono kuchokera m'tindalama ta nkhani zomwezi, ndipo makiyi sindikuwaonanso. Amene mukulota galimoto yakuda, dzifunseni kaye ngati muli ndi mthunzi, madzi ndi kudekha. Ngati mulibe, yasiliva si tchimo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndikanafunsa, phulalo ndikanapaka galimoto.

Tionana sabata yamawa, malonda akuyendereni.